Wa Mahedifoni Pazenera la Mayi Fotokope

Pamzere wa mashopu uja aliyense ankawatchula kuti Mayi Fotokope, ndipo iwo anasiya kalekale kukana dzinalo. Shopu yawo inali yachitatu kuchokera pageti, pakati pa telala ndi mayi wina woluka tsitsi. Mkati munali makina a fotokope, mashelefu a mapepala, benchi ya makasitomala, ndi kompyuta yakale ya patebulo imene ankalemberapo anthu makalata ofunsira ntchito. Kompyutayo inali yokalamba moti telala ankati ukaiyatsa imayamba yafunsa kaye ngati n'zofunikadi.

Lachinayi limenelo anatseka shopu nthawi ya masiku onse, koma sanapite kunyumba. Loweruka kunali ukwati wa mwana wa achimwene awo, mtsikana amene anamulera okha kuyambira ali ndi zaka zitatu, bambo ake atamwalira. Malemuwo ntchito yawo inali yokonza mafiriji, koma mtima wawo unali pa gitala. Pa moyo wawo wonse analowa mu situdiyo kamodzi kokha, n'kujambula nyimbo imodzi. Nyimboyo inkayenda m'mafoni a achibale, uyu kutumizira uyo, mpaka inatheratu mphamvu. Gitala inkamveka ngati akuimbira m'chitini, ndipo isanafike kumapeto inkangoduka.

Mtsikanayo sanavute ndi za ukwati wake. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti adzalowe muholo ndi nyimbo ya bambo ake. Koma munthu wa zokuzira mawu amene anamupeza ataimvetsera anapukusa mutu, n'kunena kuti pa masipika aakulu idzamveka ngati mvula padenga la malata. Mtsikanayo anangoti chabwino, asankha ina. Mayi Fotokope anamuyang'ana kumaso. Ankamudziwa "chabwino" ameneyo kuyambira mwanayo ali wamng'ono.

Panalinso china chimene sankauza munthu. Iwo eniake anali atayamba kuiwala mawu a achimwene awo. Akatseka maso kuti awakumbukire, m'mutu munkangobwera mawu a m'chitini aja.

Anatha milungu iwiri akufunsafunsa, mpaka anapeza mwini situdiyo ija, bambo wokalamba amene tsopano ankachotsa zipangizo zake chimodzichimodzi. Bamboyo anafufuza m'makatoni tsiku lonse, n'kuwaikira mafayilo awiri pa fulashi. Anawafotokozera kuti nyimbo za m'mafoni zimakhala zofinya. Kuti fayilo ichepe, makina amataya timawu ting'onoting'ono timene amaganiza kuti khutu silingatisowe. Koma awa anali mafayilo enieni, a mtundu wotchedwa FLAC, osataya kalikonse. Chilichonse chimene chinamveka m'chipinda chojambulira tsiku limenelo chinali momwemo. Vuto linali lakuti si pulogalamu iliyonse imene imawaimba bwino, ndipo iye maso anali atafooka, sakanatha kuwathandiza pamenepo.

Ndiye madzulo amenewo Mayi Fotokope anakhoma chitseko cha zitsulo ali mkati, anatseka katani, n'kuimbira mtsikana uja kuti achedwa pang'ono, ola limodzi basi. Za fulashi sanamuuze. Sanafune kumulonjeza chinthu chimene mwina sichitheka.

Atangosomeka fulashi, pulogalamu yoimbira nyimbo inakana pomwepo. Inalemba kuti fayiloyi sikuidziwa. Mayi Fotokope sanali munthu woopa kompyuta. Zaka makumi awiri akutaipa makalata a anthu si masewera. Anafufuza pafoni, n'kupeza kuti pulogalamuyo imafuna kachidutswa kowonjezera kuti izitha kuwerenga mafayilo oterowo. Netiweki inkayenda ngati ikudwala. Kachidutswako kanatsika mpaka pakati n'kuima. Anayambiranso, kanaimanso. Kachitatu kanafika. Anakaika m'malo mwake, anatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, ndipo mafayilo aja anaoneka.

Anadina kuti nyimbo iyambe.

Zimene zinatuluka m'masipika sanali achimwene awo. Anali mawu aakulu, olemera, okoka ngati a chidakwa chimene chikulankhulira mumgolo, ndipo pakapita kanthawi ankadodoma n'kulumpha. Mayi Fotokope anaseka okha, chifukwa malemuwo mowa sankaulawa n'komwe. Kenako kusekako kunasanduka china. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Cha m'ma 8 koloko mlonda wa pamalopo anabwera kudzafunsa ngati zonse zili bwino. Anawauza kuti akukhoma geti, akafuna kutuluka amuitane. Geti linali limodzi lokha, ndipo mpanda wonse unali ndi waya waminga pamwamba. Mapazi ake anamveka akupita. Anamumva akukhoma loko. Kenako kunja kunangoti zii.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Anakopera mafayilo mu kompyuta. Anazula mawaya a masipika n'kuwasomekanso. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, ikudandaula monga mwa nthawi zonse. Palibe chinasintha. Mtsikana uja anaimba kawiri, iwo n'kumangoti akubwera. Magalimoto anatha mumsewu. Msana unayamba kuwawa, maso kulemera. Mu shopu munangotsala kulira kwa kompyuta ndi mawu olemera aja, amene anawabwereza mwina kakhumi, akuti kapena ulendo uno zikhala bwino.

Ndi pamene anamva kugogoda.

Sikunali pachitseko. Kunali pazenera, pa zitsulo zotchingira akuba. Kamawu kakang'ono, kachitsulo kakumenya chitsulo chinzake. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Anaimitsa nyimbo kuti amvetsere. Kugogodako kunasiya. Anadikira. Atayambitsanso nyimbo, kugogoda kunayambanso.

Ulendo uno anatchera khutu, ndipo thupi lonse linachita tsembwe. Kugogodako sikunali kwachisawawa. Kunali ndi mayendedwe ake. Kunkathamanga kuposa nyimbo ya m'masipikayo. Kunkatsata liwiro lenileni, limene achimwene awo ankaimbira.

Anaitana mlonda motsitsa mawu. Palibe anayankha. Anaimirira, n'kukokera katani pambali pang'ono.

Panja panaima bambo wina wamtali, wowonda, atavala juzi ngakhale kunkatentha. Sanayang'ane mkati. Anaima cham'mbali, khutu lili pafupi ndi zitsulo, ngati munthu womvetsera ngati mwana akupuma bwino. M'khosi mwake munali mahedifoni aakulu akale, siponji yake yotha, chingwe chikulendewera. Kachitsulo ka kunsonga kwa chingwecho ndi kamene kankamenya pazenera. Manja ake onse anali m'matumba. Kunja kunalibe mphepo.

"Pepani mayi, ndakusokonezani," anatero modekha. "Koma mukuwachedwetsa. Sankaimba choncho."

Mayi Fotokope anamufunsa kuti walowa bwanji geti lili lokhoma. Munthuyo anatsokomola kawiri, chifuwa chouma, ndipo kumapeto kwake kunamveka kamluzu kakang'ono. Funsolo sanaliyankhe. Anangowapempha kuti abwerere pampando, atsegule pamalo posinthira katulutsidwe ka mawu.

Mpaka lero sadziwa chimene anamumverera. Mwina n'chifukwa chakuti mawu ake analibe chiwembu. Anali mawu a mmisiri amene wapeza ntchito yake ikuwonongeka, ndipo walephera kungodutsa. Chitseko chinali chokhoma, zitsulo zinali zolimba. Anabwerera pampando. Pazenera pankalowa kafungo ka waya wowotcherera, ngati ka m'mashopu okonzera mawailesi.

Kompyuta inali itafulatira zenera, moti munthu wa panja sakanaona chilichonse pa sikirini. Koma Mayi Fotokope atalozetsa kamuvi pa mzere wolakwika, iye anati, "Ayi, osati pamenepo. Pansi pake."

Anawafunsa nambala imene inalembedwa pamenepo. Anamuuza kuti 48. Munthuyo anausa moyo, n'kunena kuti vuto ndi limenelo. Nyimboyo inajambulidwa pa 96, ndiye kompyuta ikuiyendetsa theka la liwiro lake. Anawauza kuti asankhe poti pulogalamu izitsatira zimene fayilo ikufuna, isamaikakamize zake. Kenako anawatengera pamalo ena, pomwe panali zokometsera mawu ndi zowonjezera mabesi, n'kuwauza kuti azimitse zonse. Anati zimenezo n'zobisira zilema za nyimbo zofinya, yosafinya siifuna zodzola. Za kudodoma kuja anati kompyutayo yakula, aipatse mpata izisonkhanitsa kaye mawu okwanira isanayambe kuwatulutsa, ndipo anawatchulira nambala yoti akweze. Anawauzanso kuti mawaya a masipika anawasemphanitsa powasomeka paja. Gitala imayenera kukhala kumanzere.

Ankalankhula pang'onopang'ono, n'kumadikira mpaka amve kuti adina. Mayi Fotokope mantha anawachokera pang'ono, mpaka anafika pomufunsa ngati amagwira ntchito ya zimenezi. Iye anati ankagwira.

"Patsala ziwiri," anatero. "Nyimboyi ili m'mafayilo awiri. Chotsani kampata kamene pulogalamu imaika pakati, kamadula munthu mawu ali pakamwa. Palinso pena polembedwa kuti izilumpha pamene pali chete. Zimitsani. Ndipo ikafika kumapeto musathamangire kuimitsa. Anthu amathamangira kuimitsa."

Anachita zonsezo. Kenako anadina.

Gitala inayamba, yomveka bwino ngati ili m'chipinda momwemo. Anamva chala chikutsetsereka pa chingwe. Anamva mpando ukulira pang'ono, munthu akukoka mpweya. Kenako achimwene awo anayamba kuimba, ndi mawu awo enieni, opyapyala pang'ono, ndi kachizolowezi kawo kaja komeza mapeto a mawu. Mayi Fotokope anagwira pakamwa. Anali ataiwala za kumeza mawu kuja. Mayi awo ankawakalipira nako achimwene awo kuyambira ali ana.

Ndime yoyamba itatha, gitala ikupita yokha, chakumbuyo kwenikweni kwa nyimboyo kunamveka munthu akutsokomola. Kawiri. Chifuwa chouma, kumapeto kwake kamluzu kakang'ono. Mu nyimbo ya pafoni ija chifuwa chimenecho munalibe.

Mayi Fotokope anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Munthu uja anali pomwepo, pakamwa pali potseka, mutu uli chowerama.

"Pamenepo ndinawapepesa kale," anatero.

Mayi Fotokope anayang'ana masipika, n'kuyang'ananso pazenera. Panalibe munthu. Panali khonde lokha, ndi babu la panja likuwala pa simenti. Mapazi sanamveke.

Anaimitsa nyimbo, ngakhale anauzidwa kuti asaimitse. Sanayerekeze kutsegula chitseko kuti athamangire kugeti. Analembera mtsikana uja uthenga woti ntchito yachuluka, agona kushopu, iye akhome zitseko agone. Kenako anakhala pansi, msana atatsamira makina a fotokope, maso ali pakatani. Magetsi sanazimitse. Ankamvetsera kachitsulo kaja, koma sikanamvekenso. Galu anauwa kutali n'kusiya. Firiji ya mu shopu ina inkayaka n'kuzima, ndipo nthawi iliyonse mtima wawo unkadumpha. Anapemphera, n'kusokoneza mawu, n'kuyambiranso. Chodabwitsa n'chakuti usiku ukamapita mantha ankachepa, m'malo mwake munkabwera china chonga manyazi. Munthu anawathandiza chonchi, iwo osanena n'komwe zikomo.

Kutacha mlonda anawapeza pomwepo, atasinza chokhala. Analumbira kuti geti silinatsegulidwe usiku wonse, makiyi anali m'thumba mwake, ndipo iye sanagone. Anati nyimbo anaimva, poyamba yoipa kenako yabwino, ndipo anawamvanso iwo akulankhula, koma ankayesa ali pafoni. Atamufunsa ngati anamva mawu a mwamuna, anati anangomva a woimbayo basi.

Telala atafika n'kuwaona ali ndi zovala za dzulo, anayamba nthabwala zoti Mayi Fotokope apeza wachikondi mu kompyuta, ndiye maukwati akhala awiri. Atawaona bwino kumaso, anasiya.

Mtsikana uja anafika mashopu ena asanatsegule, tsitsi theka loluka theka lomasula, atanyamula fulasiki ya tiyi ndi mkwiyo. Anati usiku wonse sanagone, mawa ndi ukwati, ndipo azakhali ake akuchita zinthu ngati mwana. Mayi Fotokope anamugwira phewa, anamukhazika pampando wa kompyuta, n'kumuuza kuti amvetsere.

Mtsikanayo anaizindikira nyimboyo gitala itangolira. Mawu a bambo ake atalowa, anaika fulasiki pansi osayang'ana pamene akuika. Sanalire. Anangosendera pafupi ndi sipika. Chifuwa chija chinadutsa, iye sanachilabadire. Fayilo yoyamba inalowa mu yachiwiri popanda msoko. Anamva ndime yomaliza, imene m'mafoni munalibe, ndipo gitala inatha.

Mtsikanayo anatambasula dzanja kuti aimitse. Mayi Fotokope anamugwira pamkono.

Kunali chete. Nambala za pa sikirini zinkayendabe. Masekondi khumi. Makumi awiri. Kenako mkati mwa masipika chitseko chinalira, n'kumveka timapazi tofulumira, tosakhazikika.

"Ndani wamutsegulira uyu?" anatero malemu aja, akuseka. "Bwera, mayi anga. Pang'onopang'ono, pali mawaya. Usayang'ane pansi, yang'ana ine. Eya. Eya. Wafika."

Kunamveka kamwana kakuseka, ndi kadzanja kakumenya zingwe za gitala. Chapatali mawu ena, odekha, anafunsa ngati azimitse makina. Malemuwo anati ayi, awasiye azijambula.

Mawu odekhawo Mayi Fotokope anawadziwa. Anali aja a pazenera usiku.

"Azakhali," anatero mtsikanayo, mawu ali pansi, "ameneyo ndi ine?"

"Ndiwe. Unkathamanga usanadziwe kuyenda."

Apo m'pamene analira. Telala ndi woluka tsitsi anali ataima pakhomo, osalowa, osachoka. Mtsikanayo anapempha kuti aibwereze, ndipo anaibwereza kanayi. Makasitomala amene anabwera ndi mapepala awo anakhala pabenchi n'kumadikira, popanda wodandaula.

Masana Mayi Fotokope anaimbira mwini situdiyo uja. Anamufunsa kuti ndani ankayendetsa makina tsiku lojambula lija. Bamboyo anati anali mnzake wina amene onse ankamutcha Khutu, munthu wovuta, wosalola nyimbo kutuluka iye asanakhutire. Ankadana kwambiri ndi nyimbo zofinya, moti ankatha kutsika basi panjira chifukwa cha wailesi yoimba moipa. Chifuwa chinamuvutitsa zaka zambiri. Mayi Fotokope atafunsa kumene akukhala masiku ano, bamboyo anati Khutu anamuika m'manda zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo mahedifoni ake anamuika nawo limodzi, chifukwa panalibe wolimba mtima woti n'kuwavala. Anafunsa chimene akufunsira. Iwo anangoti amafuna kuthokoza.

Nkhani inazungulira mzere wonse dzuwa lisanalowe. Woluka tsitsi anati anamvapo kuti Khutuyo anali ndi mng'ono wake wofanana naye, mwina ndi amene anadutsa, koma za geti sanafotokoze. Mlonda anati mayiwo anasinza n'kulota, zala zikudina zokha. Telala anati ngati ndi maloto ndiye ngothandiza, amubwerekeko amukonzere makina ake osokera. Koma telala yemweyo tsiku limenelo anatseka dzuwa likadalipo.

Loweruka Mayi Fotokope ananyamula kompyuta yonse ndi mawaya ake kupita nayo kuholo. Anakana kukopera mafayilo pa makina a munthu wina aliyense. Wa zokuzira mawu uja anang'ung'udza, koma analumikiza.

Nyimbo itayamba anthu anaimirira n'kutembenukira kukhomo. Mkwatibwi sanalowe. Anaima pakhomo nyimbo yonse, maluwa ali m'manja. Anthu anayamba kunong'onezana. Mkwati kutsogolo kuja anatuluka thukuta, akuyang'ana anzake. Gitala inatha, muholo munangoti zii, ndipo ena anayesa makina afa. Bambo ake atamuitana m'masipika kuti abwere pang'onopang'ono, ndi pamene anaponya phazi. Anayenda mpaka kutsogolo osayang'ana pansi.

Phwando litatha, anthu akupakira mipando, wa zokuzira mawu anabwera kwa Mayi Fotokope akukulunga waya pamkono. Anati zaka zonse zimene wakhala pantchitoyi sanamvepo kompyuta yakale chonchi ikutulutsa mawu omveka bwino chotero. Anafunsa kuti anawakonzera ndani, chifukwa iye ali ndi makina awiri ofunika munthu wotereyo.

Mayi Fotokope anaganiza kaye.

"Ndi mmisiri wabwino kwambiri," anatero. "Koma sanasiye nambala."